Kujambula mawu pa masilaidi

Kujambula mawu pa masilaidi ndi njira yokonzera phunziro pa kompyuta. Mphunzitsi amalankhula uku akusintha masamba a chionetsero, ndipo pulogalamu imasunga mawu ake pamodzi ndi nthawi imene tsamba lililonse lakhala pa sikirini. Wophunzira akatsegula phunzirolo, masamba amasintha okha pamalo pomwe mphunzitsi anawasinthira.

Kagwiridwe kake ka ntchito

Pulogalamu yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi PowerPoint, yomwe inatuluka mu 1987 ndipo kampani ya Microsoft inaigula chaka chomwecho. Mu PowerPoint mawu sasungidwa ngati chinthu chimodzi chachitali: silaidi iliyonse imakhala ndi kachidutswa kakekake. Choncho mphunzitsi akalakwitsa pa tsamba limodzi, amajambulanso tsamba lokhalo, osayambiranso phunziro lonse. Vuto lake ndi lakuti pulogalamuyi sijambula pamene tsamba likusintha. Munthu wolankhula mosapumira amapeza kuti mawu ena aduka, n'chifukwa chake ndi bwino kukhala chete pang'ono asanasinthe tsamba komanso atangolisintha.

Kuyambira pa PowerPoint 2010 phunziro lotere limatha kusandutsidwa vidiyo, ndipo ya 2013 inabweretsa mtundu wa MP4 umene umaonereka pa mafoni ambiri.

Ku Malawi

Njirayi inafunika kwambiri boma litatseka sukulu zonse pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ophunzira a m'mayunivesite n'kubwerera kwawo. Ndi yothandizanso kwa amene amaphunzira ali kunyumba, monga a maphunziro a patali a ku Mzuzu University.

Kwa wophunzira wa ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, nkhani yaikulu ndi bandulo. Kalasi ya pa Zoom imafuna netiweki yosadukaduka kwa ola lonse, pamene phunziro lojambulidwa amalikopera kamodzi basi, n'kumalibwereza mmene angafunire. Mmodzi akalilandira pa WhatsApp, anzake amagawana naye pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Komanso poti chithunzi cha silaidi sichisuntha, vidiyo yake imachepa kusiyana ndi yojambula mphunzitsi ali pa bolodi.

Chomwe chimaononga maphunziro ambiri otere ndi phokoso. Maikolofoni ya laputopu imatola chilichonse, kaya mvula pa malata kaya mphepo ya mwera, ndipo tsamba lokongola silithandiza ngati mawu sakumveka. Timahedifoni ta foni tokhala ndi maikolofoni pafupi ndi pakamwa timachepetsa vutoli.