Oscilloscope: chimene chimakweza mtengo wake ndi amene amapindula nayo

Oscilloscope ndi makina amene amajambula pa sikirini mmene mphamvu ya magetsi ikukwerera ndi kutsikira m'kanthawi kochepa kwambiri. Mita wamba imangopereka nambala, koma makinawa amaonetsa mafunde enieniwo, motero mmisiri amaona pamene pagona vuto.

Maziko ake anaikidwa mu 1897 pamene Karl Ferdinand Braun wa ku Germany anapanga chubu choonetsera mafunde a magetsi. Mu 1947 kampani ya Tektronix ya ku America inatulutsa mtundu wa 511, umene unkaimitsa chithunzi kuti chiyezedwe bwino.

Mitengo yake imasiyana kutali. Mu 2014 kampani ya Rigol ya ku China inayamba kugulitsa DS1054Z, ya 50 MHz, pa mtengo wa pafupifupi madola 400 a ku America. Mu 2018 kampani ya Keysight inatulutsa UXR yofika 110 GHz, ndipo mtengo wake unaposa madola 1 miliyoni.

Gwero la kusiyanaku ndi liwiro la mafunde amene makina angathe kuwatsata. Mafunde akafika pa malire olembedwa pa makina, amaoneka ngati 70 peresenti yokha ya kukula kwawo kwenikweni. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti makina azikhala ndi liwiro loposa kasanu la chinthu chimene chikuyezedwa. Kuti afike pa 110 GHz, a Keysight amapanga okha tizipangizo tapadera ta indium phosphide, ndipo popeza ogula ndi ochepa, ndalama za kafukufuku zimagwera pa makina owerengeka. Pamwamba pa izi, wogula amalipiranso zingwe zoyezera, mapulogalamu, ndi kupimitsa makinawo nthawi ndi nthawi kuti asaname.

Kwa makampani opanga zida za makompyuta ndi za intaneti yothamanga, ndalamazi sizipita pachabe. Cholakwika chimene sichinaoneke poyeza chingachititse kuti katundu wambiri abwezedwe kuchokera kumsika, zomwe zingadule kuposa makinawo.

Koma kwa wokonza mawailesi, ma inverter a magetsi a dzuwa, kapena wophunzira, nkhani ndi ina. Magetsi a m'nyumba m'maiko a kum'mwera kwa Africa amayenda pa 50 Hz, mawu amene khutu limamva amathera pa 20 kHz, ndipo kabolodi ka Arduino Uno kamayenda pa 16 MHz. Makina a 100 MHz amakwanira pa ntchito zambiri zotere.

Chimene munthu sayenera kuumira ndi chitetezo. Pa makina ambiri, kachingwe ka pansi ka choyezera n'kolumikizidwa ku waya wa earth wa m'nyumba, ndipo kukagunditsa pa waya wa moto kungaotche makina kapena kuvulaza munthu. Woyeza magetsi amphamvu ayenera kuyamba wagula choyezera cha mtundu wa differential asanaganize zowonjezera liwiro.