Madzi a kumtunda safunsa: kuphunzitsa za chigumula m'zinenero ziwiri

Mu Malichi 2019, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi ndi ku Matundo, mumzinda wa Tete. Mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mtsinje womwewu unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi ambiri a mtsinjewu amachokera kumapiri a ku Angónia ndi Tsangano. Choncho chigumula chingafike kumunsi ngakhale kumeneko kwangowaza mvula pang'ono.

Akuluakulu okhala m'mbali mwa mitsinje ali ndi zizindikiro zawo. Madzi akayamba kufiira, akamabwera ndi mapesi ndi nthambi, kapena mkokomo wa mtsinje ukakula usiku, amadziwa kuti kumtunda kwagwa chimvula. Amakumbukanso mtengo kapena mwala pamene madzi analekezera zaka zapitazo. Vuto ndi lakuti zizindikiro zambiri zimaoneka madzi ali pafupi kale. Chenjezo la INAM ndi INGD limabwera msanga, koma nthawi zambiri limalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo silitchula dambo kapena powolokera pa mudzi wanu. Mwana wophunzira m'zinenero ziwiri angathe kulumikiza nzeru ziwirizi.

Aphunzitsi, mpata mulinawo: Currículo Local imapereka magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzitsa kuti mukambe za m'dera lanu. Yambani ndi kutuma ana kukafunsa agogo awo m'Chinyanja kuti madzi anafika pati, anabwera nthawi yanji, ndipo anthu anathawira kuti. Mayankhowo awajambule pa mapu a mudzi, osonyeza mtsinje, madimba, njira ya kusukulu ndi malo okwera. Kenaka mulembe pabolodi mawu a chenjezo monga cheia, alerta vermelho ndi zona segura, ana akambirane mmene angawafotokozere makolo awo m'Chinyanja chomveka. Ngati m'dera muli komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, itanani mmodzi wa mamembala ake adzaone mapuwo ndi kukonza polakwika.

Pomaliza, gwirizanani ndi makolo lamulo limodzi: mtsinje ukadzaza, mwana asawoloke, ngakhale tsikulo kuli mayeso, ndipo sukulu isamulange chifukwa chojomba. Ntchitoyi ichitike mvula isanayambe, chifukwa madzi akafika pakhomo nthawi yojambula mapu imakhala itatha.