Mwambi wa Chingerezi Wonena za Nthawi ndi Madzi

Ophunzira a m'masekondale a ku Phalombe akakumana ndi mwambi wa Chingerezi woti "time and tide wait for no man", ambiri amangouloweza pamtima. Nkosayenera kuwadzudzula. Iwo amauzidwa kuti "tide" ndiko kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja yamchere, kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Zoterezi zimaoneka ku Beira ndi ku Quelimane. Mwana wa ku Migowi kapena kwa Nazombe sadazionepo. Nyanja imene iye amaidziwa ndi Chilwa, ndipo Chilwa samvera mwezi, amamvera mvula. Adaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, asodzi a matemba nagoneka maukonde.

Komatu pakale liwu loti "tide" silinkanena za madzi ayi. M'Chingerezi cha makolo linkatanthauza nyengo, monga momwe likumvekera m'mawu oti "Christmastide", nyengo ya Khirisimasi. Tsono mwambiwu ukunena kuti nthawi ndi nyengo sizilinda munthu. Apa mwana wa mlimi safunanso mphunzitsi, pakuti akudziwa chimene chimagwera banja lochedwa kubzala chimanga ndi nandolo mvula yoyamba itagwa. Akulu athu adanena zomwezo mwachidule: papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Mwambi womwewu udapatsa dzina chimbale cha "Time and Tide" chimene chidatuluka mu 1987. Adachiimba ndi Basia, mayi wobadwira ku Jaworzno m'dziko la Poland, yemwenso Chingerezi adachita kuphunzira. Iye adayamba watchuka m'gulu la Matt Bianco ku London, kenaka adachokamo pamodzi ndi Danny White, woimba piyano, napanga naye chimbalechi. Nyimbo zake nzodekha, zosakaniza jazi, soul ndi kayimbidwe ka ku Brazil, ndipo imodzi, yotchedwa "Astrud", njolemekeza woimba wa kumeneko, Astrud Gilberto.

Chodabwitsa nchakuti chimbale chokhala ndi dzina lofulumizitsa anthu chidayenda mwaufulu ndithu. Ku Britain kumene adachijambula sichidagulidwe kwenikweni. Mawayilesi a ku America ndiwo adachikonda, nachiimba kwa miyezi yambiri, mpaka nyimbo ya dzina lomwelo idakwera pa mndandanda wa Billboard mu 1988, patapita chaka chathunthu. Pomalizira pake zimbale zoposa 1 miliyoni zidagulidwa m'dziko limenelo lokha.