Khonsolo ikagona, ngakhale sukulu ya kumudzi imatsekedwa

Ana a sukulu m'Zambia monse anayenera kubwerera m'makalasi pa 8 Januwale 2024. Sanabwerere. Boma linasunthira tsikulo pa 29 Januwale, kenaka pa 12 Febuluwale, cifukwa ca kolera amene anabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Mwana wa ku Chadiza ndi wa ku Katete, amene sanapondepo mu Lusaka, anataya masabata asanu a maphunziro. Mu Januwale 2018 kolera anacedwetsanso kutsegulira masukulu.

Aphunzitsi analipo, mabuku analipo. Zimene zinatseka zitseko ndi zitsime zosaya, zimbudzi zosefukira ndi milu ya zinyalala. Zonsezi ndi nkhani za kayendetsedwe ka mzinda. N'cifukwa cake maphunziro si nchito ya Unduna wa Zamaphunziro wokha. Khonsolo nayo ili ndi gawo lake lalikulu.

Mzinda unakula kuposa pulani yake

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, kutenga malo a Livingstone. Atsamunda anaukonza ngati mzinda wa anthu ocepa, wa misewu yotakata ndi mitengo. Anthu akuda obwera kudzafuna nchito sanawaganizire kwenikweni, motero anadzimangira okha makomboni monga Kanyama, Chawama, George ndi Misisi. Lamulo la 1974 linayamba kuvomereza ena mwa makomboni otere, koma nyumba zinali zitathinana kale. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni mu Lusaka.

Ku Kanyama pansi ndi pa thanthwe ndipo madzi ali pafupi. Mvula ikagwa, za m'cimbudzi zimakumana ndi za m'citsime. Khansala amene atsegulitsa ngalande mvula isanayambe wathandiza mwana wa giredi 7 mofanana ndi munthu amene wamugulira buku.

Malo ophunzirira

Kucokera mu 2022 maphunziro ndi aulere mpaka giredi 12 m'masukulu a boma, ndipo makalasi anadzaza. Kuti mumange kalasi yatsopano pafunika malo. Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 limapatsa makhonsolo udindo wokonza kagwiritsidwe nchito ka malo. Bwalo la masewera likagawidwa kukhala maploti, silibwereranso. Khonsolo yoona patali imasunga malo a sukulu, laibulale ndi holo anthu asanafike.

Khonsolo ya Lusaka ili ndi laibulale mumsewu wa Katondo, m'tauni. Koma mwana wa ku Kanyama wopanda ndalama ya minibasi angafikeko kangati? Bungwe la Lubuto linaonetsa njira ina. Mu 2007 linatsegula laibulale ku Kamwala, pa malo osamalira ana a mumsewu a Fountain of Hope, ndipo mu 2010 linatsegula ina pa sukulu ya Ngwerere m'komboni ya Garden. Mabuku anapita kumene ana ali. Pa nthawi ya kuzimazima kwa magetsi mu 2024, cipinda cimodzi ca magetsi a dzuwa m'wodi iliyonse cikanapulumutsa ambiri olemba mayeso.

Akulu nawo aphunzire

Bungwe la UNESCO linayambitsa mgwirizano wa mizinda imene imadzipereka kuti munthu aziphunzira kucokera ku ubwana mpaka ku ukalamba, osati m'kalasi mokha koma pa nchito, pa msika ndi m'komboni. Ganizoli si lacilendo kwa ife. Mlimi amene amatsitsa tomato pa Soweto mbandakuca amaphunzirapo mitengo ndi macenjera a ogula. Misika yambiri ili m'manja mwa khonsolo. Pakanakhala kacipinda pamsika kophunzitsira kuwerenga sikelo, kulemba zogulitsa ndi kupewa akuba a ndalama za pa foni, mlimi akanabwerera kumudzi ndi zoposa ndalama. Maholo a khonsolo ndi a maparishi amene amakhala otseka pakati pa sabata angathe kugwira nchito yomweyi madzulo.

Gawo lathu

Ena adzati khonsolo ilibe ndalama. N'zoona kuti ndalama n'zocepa, ndipo ambiri a ife timazemba misonkho ndi kutaya zinyalala m'ngalande usiku. Koma mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Gawo lina ndi lolipirira acinyamata maphunziro a luso la manja ndiponso ana a sekondale ogonera konko. Mapempho amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wodi, WDC. Amene sapita ku msonkhano amapeza anzake atasankha kale.

Inu a m'tauni, funsani khansala wanu mafunso atatu: ngalande zidzatsegulidwa liti, malo a sukulu m'wodi muno ali pati, nanga ndani analandira thandizo la CDF caka catha? Inu a kumudzi amene muli ndi ana kwa acibale ku Matero kapena ku Mtendere, auzeni acibalewo afunse m'malo mwanu, ndipo inunso funsani zomwezo ku khonsolo ya kwanu. Mutu umodzi susenza denga. Funsani tsopano, mvula isanagwe.