Ngongole ya pa intaneti imafika bwanji ku Milange

Pa ntchito yanga yoyendetsa ngongole zing'onozing'ono kuno ku Milange, amayi a geni ya nyemba ndi anyamata okweza chimanga panjinga kupita ku Muloza amandifunsa kawirikawiri kuti, "Achimwene, akuti kunja kuli anthu obwereketsa ndalama pa intaneti popanda chiwongoladzanja. Nanga ifeyo tikulipira chiyani?"

Zimene anamvazo n'zoona, koma nkhani siithera pamenepo. Bungwe la Kiva, lomwe linayamba mu 2005 ku San Francisco, limaika pa intaneti zithunzi za ofuna ngongole, ndipo munthu wakutali amaponyapo madola 25. Iyeyo phindu salandira. Koma ndalamayo imadzera ku bungwe la ngongole la m'dziko la wobwerekayo, ndipo bungwelo ndilo limaika chiwongoladzanja kuti ligulire mafuta a njinga yamoto ndi kulipira ife oyenda m'midzi. Mu 2009 wofufuza wina dzina lake David Roodman anafotokoza kuti nthawi zambiri ngongoleyo imakhala itaperekedwa kale chithunzi chisanatuluke n'komwe.

Kafukufuku wa ngongole zing'onozing'ono m'maiko 6, kuphatikizapo Ethiopia ndi India, wotuluka mu 2015, anapeza kuti mabizinesi ena amakuladi, koma mabanja ambiri satuluka mu umphawi chifukwa cha ngongolezi.

Chondidetsa nkhawa ine ndi nthawi yobweza. Mlimi wa nandolo amagwira ndalama kamodzi pachaka, pomwe ngongole imafuna kubwezedwa sabata kapena mwezi uliwonse. Mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa, koma ngongole sinatsike ndi metikali imodzi yomwe. Ndiyenso ife a m'malire timayendera ndalama ziwiri. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa katundu m'makwacha ali ndi ngongole ya mametikali anaona mpamba wake ukusungunuka. Apa m'pamene munthu amathamangira kwa wakatapila kuti atseke ngongole yoyambayo, ena mpaka kugulitsa njinga imene imawadyetsa.

Musanasaine, funsani kuti ndalama yonse yobweza ndi zingati, osati peresenti chabe, komanso tsiku loyamba kubweza ndi liti. Ngati likufika musanakolole, ndipo mukufuna ya mbewu kapena ya sukulu basi, yambani mwakambirana ndi anzanu a chipereganyu kapena a banki m'khonde.