Goloboyi wa ku Scotland amene anasula achinyamata ku Bulawayo ndi ku South Bend

Ambiri a ife tikamva za yunivesite ya Notre Dame, pafupi ndi South Bend, timaganiza za mpira wa Chimereka uja wothamanga nawo m'manja. Komatu kuyambira 2001 mpaka 2017 pasukulu yomweyo panali katswiri wophunzitsa mpira wamiyendo, womwe uja tinakula tikuwonera pa Chichiri ndi pa Civo. Dzina lawo ndi a Bobby Clark, ndipo mbiri yawo ili ndi phunziro kwa makolo amene tikulera ana kunja kuno.

A Clark anabadwira ku Glasgow mu 1945. Anayamba kutchinga pagolo mu timu ya Queen's Park, kenaka mu 1965 anapita ku Aberdeen komwe anakhalako mpaka 1982. Mu 1970 timu yawo inatenga chikho cha Scottish Cup itathyapa Celtic 3-1. M'nyengo ya 1970/71 iwo anatha mphindi 1,155 osagoletsedwa, kutanthauza pafupifupi masewero 13 athunthu. Anatchingira dziko lawo masewero 17, ndipo mu 1980 anapambana ligi mphunzitsi wawo ali Alex Ferguson.

Chimene ambiri amachiiwala ndi chakuti goloboyi ameneyu sanataye sukulu. Anachita maphunziro a uphunzitsi wa masewero olimbitsa thupi ku Jordanhill College, kotero kuti tsiku lovula magolovesi litakwana, anali kale ndi khasu lina m'manja.

Mu 1983 anasamukira ku Zimbabwe pamodzi ndi banja lawo kukaphunzitsa Highlanders ya ku Bulawayo, mzinda umene muli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anapita ku Rhodesia kukafuna ntchito. Sanakhaleko nthawi yaitali, koma mbewu inagwera pa nthaka yabwino. Mwana wawo Tommy atakula anabwerera ku Bulawayo nakasewerera Highlanders, ndipo ena mwa anzake a kumeneko anamwalira ndi Edzi. Pambuyo pake anakhala dokotala wa ana, ndipo mu 2002 iye pamodzi ndi Methembe Ndlovu ndi anzawo ena anayambitsa bungwe la Grassroot Soccer, lophunzitsa achinyamata za kapewedwe ka HIV kudzera mu mpira.

A Clark atachoka ku Bulawayo anaphunzitsa ku Dartmouth College, ku New Zealand ndi ku Stanford, kenaka nkufika kuno ku Indiana. Mu Disembala 2013 anyamata awo anagonjetsa Maryland 2-1, ndipo Notre Dame inatenga koyamba chikho cha dziko lonse cha mpira wa amuna m'mayunivesite. Mmodzi mwa amene anadutsa m'manja mwawo, Matt Besler, anasewerera Amereka pa World Cup ya 2014.

M'makomo mwathu, kaya ku South Bend, ku Indianapolis kapena ku Speedway, nkhani ya mpira imautsa mikangano. Kholo lofika kuchokera ku shifiti ya usiku limati mpira sudyetsa, mwana agwire mabuku basi. Mwana naye amalota za ku Ulaya, homuweki nkumaiona ngati chilango. Onsewo akuona mbali imodzi yokha. Kuno malamulo a NCAA salola wophunzira kusewerera yunivesite ngati sakukhoza m'kalasi, choncho bwalo ndi kalasi ndi njira imodzi. Ndipo pa ntchito yothandiza mabanja timaona kuti mwana amene ali mu timu amakhala ndi anzake odziwika, nthawi yofikira kunyumba, komanso wamkulu wina womuyang'anira makolo akakhala ku ntchito.

Tsono makolo anzanga, mwana akapempha nsapato za mpira, musafulumire kukalipa. Mufunseni lipoti la kusukulu, kadziwaneni ndi mphunzitsi wa timu yake, ndipo Loweruka lina sinthanani shifiti ndi mnzanu kuti mukaime m'mbali mwa bwalo, mwanayo akuoneni.