Banja Likatha, Ana Adya kwa Yani?

Banja likafika pa khoti la majisitireti, kaya ku Zomba kaya ku Dedza, abale amayamba ndi funso limodzi: nanga anawa ndi a yani? Mwambo uli ndi yankho lake. Kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe, kumene mwamuna amalowa chikamwini, ana ndi a kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi malume awo. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena a ku Nsanje, kumene amapereka malowolo, ana ndi a kuchimuna. Koma khoti limayang'ana kwina. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino, pamodzi ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, amati choyamba ndi ubwino wa mwanayo. Ku England lamulo la ana la 1989 limanenanso zomwezo. Papepala tikufanana.

Timasiyana pa kathetsedwe ka banja. Kuyambira pa 6 April 2022, munthu ku England safunikanso kuulula chigololo kapena nkhanza za mnzake kuti banja lithe. Amangolemba kuti ukwati wafika posakonzeka, n'kudikira masabata 20, kenako ena 6. Koma asanakasumirane za ana, ayenera kuyamba waonana ndi mkhalapakati. Ntchito imeneyi kwathu ili ndi eni ake kuyambira kale: ankhoswe. Iwo salipiritsa, amadziwa kumene mkangano unayambira, ndipo mawa akumanabe ndi mbali zonse ziwiri pamaliro. Pamenepa sitisirira aliyense.

Chimene ndimawayamikira anzathu a ku England ndi chakuti pakakhala nkhanza sakakamiza wozunzidwa kukhala pansi ndi womuzunza. Kwathu mayi amabwera kwa ankhoswe diso litatupa, n'kuuzidwa kuti banja ndi kupirira, abwerere. Kumenya mkazi ndi mlandu wa kupolisi, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006. Nkhoswe amene amabweza mayi wotere ku nyumba yomweyo walakwira mlongo wake.

Koma pamene pamandiwawa kwambiri ndi pa chithandizo cha ana. Ku England kuli ofesi ya boma, Child Maintenance Service, imene imatha kudula ndalama za ana pa malipiro a kholo zisanafike m'thumba mwake. Ku South Africa, pansi pa lamulo la 1998, kholo lonyozera chigamulo cha chithandizo limapalamula mlandu ndipo likhoza kumangidwa. Kuno nako makhoti amagamula ndithu: bambo azipereka zakutizakuti pamwezi, ammangire mkazi nyumba kwawo monga mwambo wa chikamwini umafunira. Nanga chigamulocho achitsate ndani? Abambo ambiri ndi a ganyu, a kabaza, a geni, alimi a fodya olandira kamodzi pachaka. Palibe bwana woti khoti limulembere kalata. Ena amangokwera basi ya ku Joni, nambala ya foni n'kusintha. Mayi amatsala akusakasaka ya thiransipoti yobwerera ku khoti, mpaka amatopa.

Ndiye mawu aja oti ana ndi a kuchikazi asanduka pobisalira. Kale anali ndi tanthauzo, chifukwa malume anali ndi munda ndi nkhokwe zodyetsera mbumba yonse. Lero malumewo akuvutika ndi fizi ya ana awo omwe, munda unagawidwa n'kutha. Mwana amagwera pakati, ndipo kawirikawiri amathera kwa agogo okalamba kumudzi.

Sitingakope ofesi ya ku England mmene ilili, poti anthu athu ambiri salandira malipiro a pamwezi. Koma tili ndi chimene iwo alibe: abale odziwa kumene mwamunayo akulima, akugona ndi kugulitsa malonda ake. Ankhoswe, musabalalike tsiku losudzulana musanamvane kuti fizi alipira ndani, matumba a chimanga akhala angati pokolola, ndipo mwana akadwala amuthamangira ndani. Zimenezo zilembedwe, mupite nazo ku khoti zikakhale chigamulo, ndipo wa kuchimuna akhale woyamba kukamulondola m'bale wake akasiya kupereka.